Ndinaveka Zidole N'kudzivula Ndekha

Mpaka lero ana akatchula za nyumba ya nsalu ija ya ku tauni, ine ndimapeza chochita kuseri kwa khola. Nkhaniyi ndati ndiifotokoze ndekha chifukwa ndamva kuti kuchigayo yafika kale, ndipo kumeneko aikometsera mpaka akuti ndinagona kupolisi. Kupolisi sindinagoneko ine. Koma mwina kukanakhalako bwino.

Kuti mumve bwino, yambani mwadziwa za ine ndi akamwini anga, bambo a Chisomo. Anakwatira mwana wanga Esinati zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, n'kumanga nyumba pamudzi pathu pano, kufupi ndi Namitete. Chikwatirireni mpaka nthawi ya nkhaniyi, ine ndi iwo tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Sitidyera pamodzi, sitikhala pamphasa imodzi, ndipo ndikafuna kuwauza kanthu ndimauza Esinati, ngakhale iwo ali pompo akukhomera khasu. "Uwauze bambo a Chisomo kuti mbuzi yalowa m'dimba." Iwonso amayankha Esinati yemweyo: "Uwauze amayi kuti ndamva." Anzanga akumphakati wa kutchalitchi amandiseka, akuti zimenezi zinatha, masiku ano apongozi amakwera njinga ya mkamwini atamugwira m'chiuno. Awo ndi awo. Ine ulemu umenewu anandisiyira amayi anga, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti ndidzalowa nawo m'manda uli wathunthu.

Woyambitsa zonse anali Chisomo, mdzukulu wanga wamkulu, wa Sitandade 3. Aphunzitsi ake anawauza kuti ku tauni kuli nyumba yoonetserako nsalu zamakedzana, ndiye mwana anailirira sabata yathunthu. Atate ake atagulitsa mtedza anati banja lonse lipite, n'kuwonjezera kuti, "Uwauze amayi atiperekeze, iwo ndiwo akuzidziwa nsaluzo." Ndinakana kawiri, mwamwambo chabe. Kachitatu ndinali nditachapa kale zitenje.

Tinanyamuka Loweruka, mwezi wa Okutobala, dzuwa lili phwee. Tinalipo ine, Esinati ndi khanda kumsana, Chisomo, mlongo wake Tadala wa zaka zinayi (mwana ameneyu pakamwa pake palibe chitseko), ndi akamwini atavala jekete lawo la kutchalitchi. Pasiteji kondakitala wa minibasi anafuna kundipanikiza mpando umodzi ndi iwo.

"Agogo sunthani, madala awa akhale apa!"

"Iwe, ndikhale ndi ndani?"

"Mpando ndi mpando, agogo, sitikukwatitsani."

Ndinatsika, n'kuzungulira, n'kukakhala kumbuyo kwenikweni pamwamba pa thumba la chinangwa la munthu wina. Pa Mpingu msana unali utayamba kudandaula, pa Njewa mwendo unali utafa dzanzi, koma ulemu unafika ku tauni uli bwinobwino.

Pakhomo pa nyumbayo ndinakonza kayendedwe. Ine ndi ana patsogolo, Esinati pakati, akamwini kumbuyo, chipinda chimodzi chizitilekanitsa. Tikatuluka ife, iwo azilowa. Esinati anapukusa mutu, koma anakawauza.

Chipinda choyamba chinandikoma. Nsalu zinali m'magalasi, zina zopachikidwa kukhoma, ndipo kutsogolo kwake anamangako chingwe chofiira. Ndinaona biliwita, nsalu yakuda ija amavala amayi anga, imene inkasiya utoto pakhungu munthu akachita thukuta. Ndinaona chilundu chonga chimene ndinavala tsiku la ukwati wanga. Ndinayamba kuwafotokozera ana, dzanja n'kumapita lokha kunsalu.

"Agogo, apa alemba kuti osagwira," anatero Chisomo, chala chili pakapepala.

"Ndagwira ine? Ndikungoloza."

Ndinabweza dzanja kumbuyo. Nthawi yomweyo khanda linachita zake, fungo n'kudzaza chipinda, ndipo Esinati anatuluka kukafuna madzi. Ananditsanzika kuti sachedwa. Mlonda wa pamenepo, mnyamata wamtali wa yunifolomu yobiriwira, anamuperekeza kukamulozera mpopi. Ine ndi ana tinalowa chipinda chachiwiri tokha.

Mmenemo munalibe magalasi. Munali zidole zitatu zazikulu ngati anthu enieni, zoumbidwa bwino mpaka zala, zitaima kuseri kwa chingwe. Ankaonetsa mmene makolo ankavalira nyanda, nsalu ija ya makungwa a mtengo. Choyamba chinali cha mayi, nyanda ili m'chiuno. Kumtunda konse kunali pambalambanda.

"Agogo, amayi awa aiwala bulauzi!" anakuwa Tadala.

Ndinamutseka pakamwa. Kuti makolo ankavala choncho ndimadziwa, agogo anga omwe ndinawaona ndi maso anga. Koma kuona ine pandekha ndi nkhani ina. Apa akamwini anali kuseri kwa khoma, nsapato zawo ndikuzimva, ndipo akalowa adziwa kuti apongozi awo aima pompa, ayang'ana zomwezi, ana ali pambali. Ndiye madzulo ano ine ndi iwo tikakhala pabwalo limodzi, aliyense akudziwa chimene mnzake waona? Ayi ndithu. Ine ndili moyo, zimenezo sizichitika.

"Chisomo, pita ukawauze atate ako akuwerengere mapepala onse a m'chipinda chija. Onse, wamva? Usadumphe ndi limodzi lomwe."

Mwana atapita, ndinayang'ana uku ndi uku, ndinakweza mwendo, n'kulumpha chingwe (bondo langa lakumanzere limakana kukwera khonde la tchalitchi, koma tsiku limenelo silinanene kanthu). Ndinavula chitenje chapaphewa, chija chobiriwira, n'kumukulunga mayi uja kuyambira m'khwapa. Manja ake anali ouma gwa, osapindika, koma ndinapititsa nsalu pansi pake, n'kumanga mfundo pachifuwa. Anaoneka bwino zedi, ngati mayi wopita kuchipatala cha mishoni kukaona wodwala.

Ndikanalekera pomwepo, bwenzi nkhani ilibe mchira. Koma nditatembenuka ndinaona chidole chachiwiri. Chinali cha namwali. Pachifuwa anamuphimba ndithu, koma kanyanda kake kanali kotsika, ndipo pamwamba pake, m'chiuno, panali mikanda. Mizere inayi: yofiira, yoyera, yakuda, yachikasu. Mikanda, abale anga, poyera! Chinthu chimene mkazi amaonetsa mwamuna wake yekha, chitseko chili chotseka. Kunena zoona, mayi woyamba uja anali nkhani yochepa poyerekeza ndi izi.

"Agogo, ndikufuna timikanda ito," anatero Tadala.

"Khala chete, si maswiti."

Chitenje chotsala chinali chimodzi, cha m'chiuno mwanga, chachikasu cha nkhanga. Apa ndiulule chimene sindinauze aliyense m'mawa uja. Diresi imene ndinavala mkati inali itadyedwa ndi makoswe kumbuyo, bowo lake kukula ngati mbale ya ndiwo, pamalo penipeni pokhalira. Ndinaiona ndikuvala, koma ndinati adzaona ndani, chitenje chilipo. Mkati mwake munali pitikoti yanga yakale, ija yotuwa imene lamba wake ndinasinthitsa ndi chingwe cha thumba la feteleza.

Ndinaima kanthawi ndikuyeza zinthu ziwirizi. Bowo langa ndikhoza kulibisa kukhoma. Mikanda ya namwali singadzibise yokha. Ndinamasula chitenje, n'kumuzunguliza namwali kawiri, n'kumanga mfundo yolimba ija timamanga popita kumunda.

Chidole chachitatu chinali cha bambo wokhala chonjuta, akumenya khungwa ndi kamtengo. Kansalu kake kanali kochepa moti mbewa singafunde. Ndinamva mawu a Chisomo akuyandikira, "Adadi, latsala pepala limodzi." Ndinagwira kumutu. Duku! Ndinalivula n'kumuyalira bambo uja pamiyendo ngati akumuikira chakudya. Tsitsi langa linali losaluka, imvi zili nyankhalala ngati udzu wa padenga lakale, koma nthawi yoganiza inalibe.

Ndinalumphanso chingwe, n'kuthamangira pakona kuseri kwa chitseko, msana n'kuugunditsa kukhoma. Tadala ndinamukokera m'miyendo mwanga, dzanja lili pakamwa pake.

Akamwini analowa. Ndinkawaonera pampata wa chitseko, kuchokera m'mawondo kutsika pansi. Nsapato zinaima patsogolo pa mayi uja. Zinasuntha, zinaima patsogolo pa namwali. Pamenepo zinakhalitsa. Kenaka ndinamva akukhosomola kawiri, nsapato n'kutuluka mofulumira kulowera chipinda chachitatu, Chisomo akuwatsatira. Mumtima ndinati ndapambana. Sanaone kanthu, ine sanandione, chatsala n'kutenga nsalu zanga.

Ndinalumpha chingwe kachitatu. Ndinayambira cha m'chiuno, poti ndicho chinali chofunika msanga. Mfundo yakumunda ija inakana. Ndinaikoka ndi zala, ndinaiyesa ndi mano awiri amene anatsala kutsogoloku, osatheka. Ngodya ya chitenje inali italowa m'mikanda. Ndinakoka mwamphamvu kamodzi kokha.

Ulusi unaduka. Mikanda inamwazika pasimenti ngati matalala, ina kugubuduka mpaka pakhomo. Ndipo pakhomopo panali pataima mlonda uja.

"Mayi! Mukutani kumeneko?"

Ndinatembenuka msangamsanga, msana kukhoma, chitenje chili m'manja theka, theka lina likadali pa namwali.

"Ndikutenga nsalu yanga, mwanawe."

"Yanu? Chilichonse chili kuseri kwa chingwe ndi cha muno. Siyani pomwepo."

"Iwe, taona bwino. Makolo ankavala chitenje cha nkhanga?"

"Ine ndayamba ntchito Lolemba, za makolo sindikuzidziwa. Chimene ndikuona n'chakuti mukuvula chidole. Tulukani kuno."

"Sindituluka."

"Bwanji?"

"Khomali ndalikonda."

Anagwira mbali ina ya chitenje, ine ndinagwira inzake. Anaitana abwana ake pafoni, ndipo posakhalitsa analowa mayi wina wamagalasi, wonenepa bwino, makiyi ali m'khosi. Pambuyo pake panalowanso gulu la ana a sukulu ndi aphunzitsi awo, onse n'kuima kumandiyang'ana. Kamtsikana kena kanafunsa ngati nanenso ndili wa chionetsero.

Mayi wamagalasi anayang'ana zidole, anayang'ana mikanda pansi, anayang'ana mutu wanga.

"Agogo, nsalu izi sindikuzidziwa, koma muno timalandira nsalu zatsopano kawirikawiri, ndipo ine ndinali kutchuthi. Alipo amene angakuchitireni umboni kuti ndi zanu?"

"Mwana wanga ali kumpopi."

"Wina palibe?"

Analipo, kuseri kwa khoma lomwelo. Koma ine kuitana akamwini kuti adzandione ndili mutu pambalambanda, ndili m'diresi yokha, ndikulimbirana nsalu ndi mnyamata? Ndinati mumtima bola anditengere kupolisi, ndikayenda chammbali ngati nkhanu mpaka kukafika.

"Palibe," ndinatero.

Ndinaiwala kuti dzanja langa lachoka pakamwa pa Tadala. Mwana anali atatola mikanda yodzaza manja, ndipo anathamangira kuchipinda chachitatu akukuwa ndi mawu onse amene Mulungu anamupatsa:

"Adadi! Adadi! Agogo awagwira! Avula, ndiye diresi yawo ili ndi chibowo kumatako!"

Ana a sukulu anagwa nacho chiseko. Ine ndinatseka maso n'kuyamba Tikuoneni Maria.

Nditatsegula, ndinaona msana wa jekete ukulowa pakhomo. Akamwini ankalowa chobwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono, ngati ngolo yolowa m'shedi ya fodya, Chisomo atawagwira dzanja kuti asagunde chingwe. Anaima pakati pa chipinda nkhope ili kukhoma lina. Anavula jekete, n'kulipereka kumbuyo osatembenuka.

"Chisomo, kawapatse agogo ako. Uwauze kuti muno mukuzizira."

Aliyense m'chipindamo thukuta linali kamukamu. Ndinalandira jekete n'kulimanga m'chiuno ndi mikono yake.

"Bambo, amayi awa mukuwadziwa?" anafunsa mayi wamagalasi.

"Ndikuwadziwa. Ndi apongozi anga."

"Simunawayang'ane n'komwe."

"Sindingawayang'ane."

Mlonda anaseka. "Ndiye umboni wake ukhala wotani, munthu akuyang'ana kukhoma?"

Akamwini anakhosomola, n'kuyamba kulankhula ndi khoma lija.

"Chimene mwagwiracho n'chachikasu, chili ndi nkhanga zoyang'ana mbali imodzi. Ngodya ina inapsa ndi moto, anaisoka ndi ulusi wakuda. Chili pa chidole choyambacho n'chobiriwira, cha masamba a chinangwa, m'mphepete mwake munayamba kusosoka. Duku ndi lofiirira, la timadontho toyera. Kunyumba kwatsala china chabuluu cha mapoto, ndi cha kutchalitchi, koma chimenecho amavala Lamulungu lokha."

Mayi wamagalasi anatembenuza ngodya ya chitenje. Ulusi wakuda unalipo. Anatembenukira kwa akamwini.

"Bambo inu, nsalu za apongozi anu mukuzidziwa chonchi bwanji? Amuna ena sadziwa n'chitenje cha akazi awo chomwe."

"Mayi, nkhope yawo sindiidziwa bwino. Ndiye panjira ndingawazindikire bwanji kuti ndipatuke? Ndimayang'ana chitenje. Ndikaona nkhanga zikubwera kuchokera kumjigo, ine ndimakhotera kumunda."

Mayi uja anavula magalasi, anakhala pampando wa mlonda, n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi chala. Atapuma anandifunsa chifukwa chimene ndinavekera zidole zake. Ndinamuuza monong'ona, kuti akamwini asamve. Anagwedeza mutu.

"Agogo anga akanachita chimodzimodzi. Komatu mikanda yanga mwaidula."

"Ndipatseni singano ndi ulusi. Ntchito imeneyo ndinayamba inu musanabadwe. Koma amuna onse atuluke."

Anatulukadi, mlonda yemwe, ndi aphunzitsi ndi ana awo. Esinati anatipeza ine ndi mayi wamagalasi titakhala pasimenti, Chisomo ndi Tadala akukwawa kufunafuna mikanda pansi pa zidole. Anaima pakhomo khanda lili m'manja, pakamwa pali yasa.

"Amayi, ndangochoka pang'ono pokha!"

"Usandifunse. Tola yofiirayo ili paphazi pakopo."

Ndinaitunga mizere inayi yonse, mwadongosolo lake, kuposa mmene inalili (a m'nyumbamo anali atasakaniza yoyera ingapo mumzere wa yofiira, zimene mkazi wolangidwa sangachite). Mikanda itatu inasowa. Iwiri tinaipeza madzulo m'thumba la Tadala, winawo sitikudziwa, koma mwana ali bwino. Pomuveka namwali ndinakwezako kanyanda kake pang'ono kuti kaphimbe. Mayi wamagalasi anakatsitsa. Atatembenuka ndinakakwezanso.

Nditavalanso nsalu zanga tinauyamba ulendo wobwerera. Jekete ndinalibweza kudzera mwa Esinati, nditalipinda bwino. Ndinati, "Uwauze bambo a Chisomo kuti kuzizira kwatha." Iwo anati, "Uwauze amayi kuti ndamva."

Koma chitenje cha nkhanga chija ndinadana nacho. Ndikachiona ndinkamva chiseko cha ana a sukulu. Ndinachiponya pansi penipeni m'sutikesi pamodzi ndi chobiriwira, ndipo Lachitatu pamsika ndinagula chatsopano, chofiira cha maluwa akuluakulu. Sindinauze munthu.

M'mawa mwake ndikuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu, ndinaona akamwini akubwera panjira yomweyo, khasu paphewa. Ndinayenda mosatekeseka, podziwa kuti apatuka okha monga mwa masiku onse. Sanapatuke. Ankabwerabe, akuimba kamluzu. Ine ndi ndowa yodzaza sindikanatha kudumpha mzere wa m'munda kuti ndipatuke. Anafika pafupi ngati apa ndi apo, anakweza nkhope, n'kundiyang'ana m'maso mwenimweni.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Ndinu alendo a kwa yani?"

Kenaka anazindikira. Khasu linagwa. Iwo analumphira kumanzere, ine ndinalumphira mbali yomweyo, ndowa n'kutikhuthukira tonse awiri.

Zaka zisanu ndi zinayi ndinausunga ulemu uja, ku tauni unapulumuka ndili m'diresi yobooka, n'kudzathera panjira ya kumjigo chifukwa cha nsalu yatsopano. Masana omwewo ndinafukula chitenje cha nkhanga m'sutikesi, ndipo ndi chimene ndavala panopa. Chofiiracho ndinapatsa Esinati, mwamuna wake achizolowere pa iye.

Chisomo akuti kusukulu anzake akufuna ulendo wa kunyumba ya nsalu ija, ndipo aphunzitsi akufuna kholo limodzi loperekeza. Ndamuuza alembetse dzina langa. Diresi ndasoka, ndipo zitenje ndidzanyamula zisanu, china chobwereka, chifukwa chipinda chachitatu chija sindinachione.